Phunziro la pa kanema likamavuta: zoyenera kuona musanaitane wa makompyuta

Madandaulo amene aphunzitsi a m'makoleji amabwera nawo kuno ku Dedza, ngakhalenso kwa anzathu a ku Ntcheu, sasintha teremu ndi teremu. Wina akuti ophunzira sakumumva, wina chithunzi chikungoima, wina wajambula ola lathunthu koma fayilo ikukana kutseguka. Kuphunzitsa pa Zoom ndi Google Meet kunafika mwadzidzidzi sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndipo kunakhazikika. Lero wophunzira amene wapita kukayeserera kuphunzitsa ku Mayani, Lobi, Golomoti kapena Tsangano amadikira phunziro pa foni yake, ndi bandulo yogula ndi ndalama zake.

Pa vuto lililonse m'munsimu ndayamba ndi chimene chimachitika kawirikawiri, n'kutsirizira ndi chosowa. Tsatani ndondomeko yomweyo. Ndipo tsiku lililonse, musanayambe phunziro, jambulani masekondi 30 mukulankhula, muwonere ndi kumvetsera. Mavuto ambiri a m'munsimu amaonekera pomwepo, ophunzira asanalowe.

## Akuti sakukumvani, kapena mawu akumveka patali

Ili ndilo vuto lalikulu kuposa onse. Wophunzira amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamavuta amangotuluka m'kalasi.

1. Mwadzitseka nokha. Onani kachizindikiro ka maikolofoni pansi pa sikirini. Ngati kali ndi mzere wodutsa, dinani pomwepo. Mahedifoni ena ali ndi kabatani kawokawo pa chingwe, onaninso pamenepo.
2. Pulogalamu yasankha maikolofoni ina. Mwavala ya pa kolala, koma Zoom ikumvera ya mu laputopu yomwe ili patebulo uko. Gogodani maikolofoni imene mwavala ndi chala, muone ngati kamzere kosonyeza mawu kakudumpha. Ngati sikakudumpha, lowani mu Settings, pa Audio, musankhe yoyenera.
3. Mwatalikira. Maikolofoni ikhale pafupi ndi kamwa, mtunda wa chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Mphunzitsi wozolowera kuyendayenda pa bolodi, uku laputopu ili pakona, amamveka ngati ali kuseri kwa khoma.
4. Pulagi siikugwirizana ndi bowo. Yang'anitsitsani kachitsulo kolowetsa. Ka mahedifoni a foni kali ndi timizere takuda titatu, pomwe ka maikolofoni ya kamera kali ndi tiwiri. Ka tiwiri mukakalowetsa pa foni kapena pa laputopu ya bowo limodzi, nthawi zambiri mawu salowa. Pamafunika kolumikizira kakang'ono, kapena maikolofoni ya USB.
5. Windows yaletsa. Mu Settings, pa Privacy, pa Microphone, lolani mapulogalamu kugwiritsa ntchito maikolofoni. Pa Google Meet, Chrome nayo imafunsa chilolezo chake pamwamba, pafupi ndi adiresi.

Pali china chimene si vuto la chipangizo ayi, koma la chipinda. Makalasi athu ambiri ndi a simenti pansi, makoma osalala, denga la malata lopanda siling'i. Mawu amagunda khoma n'kubwerera, ndiye ojambulidwawo amamveka mwa phokoso. Mvula ya Januwale ikayamba kugunda malata, palibe pulogalamu imene ingakupulumutseni. Ngati mukujambula nokha popanda kalasi pamaso panu, pitani mu ofesi yaing'ono yokhala ndi makatani ndi mashelufu a mabuku, mutseke chitseko. Ine ndimalangiza koleji iliyonse kuti ndalama yoyamba ipite ku maikolofoni ya pa kolala, kamera idikire. Mahedifoni wamba a foni, aja okhala ndi kamaikolofoni pa chingwe, amaposa kutali maikolofoni ya mkati mwa laputopu.

## Mawu akubwerezabwereza kapena sipika ikulira

- Zipangizo ziwiri zalowa m'kalasi imodzi m'chipinda chimodzi, monga laputopu yanu ndi foni yanu. Pa chimodzi tsekani maikolofoni ndi sipika zonse.
- Ophunzira angapo akhala pamodzi mu hositelo, aliyense watsegula foni yake. Auzeni amvere pa foni imodzi, kapena mutseke maikolofoni a onse inu muli mwini kalasi.
- Sipika yaikulu yayang'anizana ndi maikolofoni. Ichotseni, muvale mahedifoni.
- Kukumveka kung'ung'uza kosalekeza. Zulani chaja ya laputopu mumvetsere. Kukasiya, gwero ndi chaja kapena magetsi a jenereta, ndipo jambulani pa batire.

## Chithunzi chikuima, mawu akudukaduka

Funso loyamba: akudandaula ndi onse, kapena mmodzi? Akakhala mmodzi kapena awiri, vuto lili kwawoko, musasokoneze zanu. Akakhala onse, lili kwa inu.

1. Liwiro lotumizira ndi lochepa. Ambiri amaona kuti YouTube ikusewera bwino n'kuganiza kuti intaneti ili bwino. Kuonera n'kulandira, pomwe kuphunzitsa n'kutumiza, ndipo liwiro lotumizira nthawi zambiri limachepa kuposa lolandirira. Tsegulani speedtest.net pamalo penipeni pomwe muphunzitsirepo, muone nambala ya Upload. A Zoom eni ake amati kanema wamba wa gulu amafuna pafupifupi 1 Mbps (muyeso wa liwiro la intaneti) potumiza, ndipo wooneka bwino wa 720p amafuna 2.6 Mbps. Koma mawu okha amafuna 60 mpaka 80 kbps (1,000 kbps ndiyo 1 Mbps), kuonetsa masilaidi okha 50 mpaka 75 kbps. Ndiye nambala ikakhala yochepa, zimitsani kamera yanu, muonetse masilaidi ndi kulankhula. Phunziro lidzayenda.
2. Makamera a ophunzira onse ndi otsegula. Awatseke, azitsegula wofunsa funso yekha. Mukatero mwawapulumutsiranso bandulo.
3. China chikudya intaneti mobisa. Windows ikudzikonza yokha, Google Drive kapena OneDrive ikutumiza mafayilo, WhatsApp ya pa kompyuta ikukoka mavidiyo a m'magulu. Ngati mukugwiritsa ntchito hotspot ya foni kapena MiFi (kachipangizo ka simu kogawa Wi-Fi), tsegulani Metered connection pa Wi-Fi imeneyo kuti Windows idziletse. Onaninso kuti alumikiza pa MiFi yanu ndi angati. Pasiwedi yodziwika ku sitafu rumu yonse isintheni.
4. Malo amene mwaika foni. Dera lathu ndi la mapiri. Phiri la Dedza lokha limapitirira mamita 2,000, ndipo chitunda chimodzi chikhoza kukutchingirani nsanja ya netiweki. Ikani foni kapena MiFi pawindo loyang'ana kumene kuli nsanja, osati m'thumba kapena mu diro. Yesani makalasi angapo, mulembe penapake kuti ndi chipinda chiti chimagwira 4G ya Airtel, ndi chiti ya TNM, chifukwa sizifanana. Kuli bwino kukhala ndi masimu onse awiri.
5. Foni yalumphira ku Mozambique. Izi ndi zathu za m'malire. Kuchokera pa boma la Dedza, kudutsa Lizulu mpaka Biriwiri, msewu wa M1 umayenda m'mphepete mwa malire, ndipo foni ikhoza kugwira nsanja ya tsidya linalo. Mukaona dzina la Movitel kapena Vodacom pamwamba pa sikirini, kapena kachilembo ka R, ndi zimenezo. Bandulo yanu ya kuno siigwira ntchito kumeneko. Tsekani Data roaming, kenako pa Network operators musiye kusankha kwa Automatic, musankhe nokha netiweki yanu. Uzaninso ophunzira a ku Tsangano ndi madera ena a m'malire, poti ambiri amangoti netiweki yavuta osadziwa chachitika.
6. Nthawi yake. Madzulo anthu akaweruka, nsanja imodzi imatumikira anthu ambirimbiri. Kutumiza fayilo yaikulu kumayenda bwino m'mamawa.

Ena amaumirira kuika OBS Studio, pulogalamu yojambulira ndi kuulutsira kanema, pa 1080p poulutsa pa YouTube kapena Facebook, ati chithunzi chioneke chapamwamba. Pa netiweki ya foni, kumeneko n'kukweza matumba asanu a mbatatesi pa njinga imodzi pokwera ku Bembeke. Tsitsani pa 720p kapena 480p, ndipo Bitrate, kuchuluka kwa deta imene OBS ikutumiza pa sekondi, isapitirire theka la liwiro lotumizira limene mwayeza. Pansi pa OBS pali nambala ya Dropped frames, zithunzi zimene zalephera kutumizidwa. Ikamakwera, tsitsaninso.

## Kalasi yadukiratu pakati

- Nthawi yaulere yatha. Zoom yosalipira imadula pa mphindi 40, Google Meet yosalipira imadula gulu pa mphindi 60. Gawani phunziro pawiri, muwauziretu ophunzira kuti alowenso pa linki yomweyo.
- Wina wakuimbirani. Pa mafoni ambiri, kuyankha foni kumagwetsa intaneti ya hotspot kapena kuichepetsa kwambiri. Foni yopereka intaneti isakhale imene anthu amakuimbirani.
- Magetsi azima. Laputopu imapitirira pa batire, koma rauta imazima nthawi yomweyo. Ikani rauta pa UPS yaing'ono (batire yopitiriza kupereka magetsi akazima), kapena MiFi pa pawabanki. Onaniretu ndandanda ya kuzima kwa magetsi imene ESCOM imatulutsa. Tonse tikukumbuka 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Koleji imene inali ndi maphunziro ojambuliratu inali ndi poyambira.
- Bandulo yatha, kapena ndi ya WhatsApp ndi Facebook yokha. Ya mtundu umenewo siitsegula Zoom.

## Mwajambula, koma fayilo ikukana kutseguka

Apa chofunika koposa n'chakuti musafufute kanthu, ndipo musajambulenso china pa khadi kapena fulashi imeneyo.

1. Kujambula kunadukira panjira. Fayilo ya MP4 imalemba kalozera wake kumapeto, mukadina Stop. Kompyuta ikazima musanadine, zithunzi zimakhalamo koma pulogalamu yosewerera siidziwa poyambira. Kupewa kwake n'kosavuta: mu OBS sankhani kujambula mu MKV, imene imasunga zonse mpaka pomwe yadukira. Mukamaliza, pitani pa File, pa Remux Recordings, isanduke MP4 m'kanthawi kochepa.
2. Zoom inali isanamalize kukonza. Mukatseka kalasi, Zoom imayamba kusandutsa zojambulazo, ndipo kabokosi kamaonetsa mmene yafikira. Ambiri amapinda laputopu pomwepo kuthamangira kalasi ina. Lowani mu Documents, mu foda ya Zoom, mupeze fayilo yolembedwa double_click_to_convert, muidine kawiri, mudikire.
3. Malo anatha. Onani malo otsala musanayambe. Fulashi ndi memore khadi zofomatidwa mu FAT32 sizilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB, ngakhale malo atakhalapo.
4. Pulogalamu yosewerera siidziwa mtundu wa fayiloyo. Yesani pulogalamu yosewerera ya VLC. Mafoni a iPhone ndi ena atsopano amajambula mu HEVC, mtundu wa fayilo ya kanema umene mafoni akale a ophunzira amalephera kusewera. Pa iPhone sankhani Most Compatible pa Formats ya kamera.
5. Khadi kapena fulashi ndi yachinyengo. Yalembedwa 64 GB koma mkati muli malo ochepa, ndiye mafayilo amaoneka mayina okha. Phunziro lijambulidwe pa kompyuta kaye, fulashi ikhale yongonyamulira.

## Fayilo ndi yaikulu, ophunzira sakuitsitsa

Nkhani iyi imandikhudza kwambiri, chifukwa mphunzitsi amaona ngati ntchito yatha pamene watumiza, chonsecho theka la kalasi silinaonere. Sanena kuti alibe ndalama ya bandulo. Amangoti sinatseguke.

Masamu ake ndi awa. Kanema woyenda pa 1 Mbps amadya 450 MB pa ola. OBS ikakhala pa 2,500 kbps, ola limodzi limapitirira 1 GB, ndipo foni yojambula pa 1080p imatulutsa yoposa pamenepo kangapo. Mawu okha pa 64 kbps ndi 29 MB pa ola. Ndiye dzifunseni ngati phunzirolo likufunadi kuti nkhope yanu ioneke.

- Ngati ndi kufotokoza chabe, tumizani mawu ndi masilaidi a PDF.
- Ngati pali masamu kapena zojambula zofunika kutsatira pang'onopang'ono, jambulani sikirini ndi mawu, opanda kamera. PowerPoint imatha kuchita zimenezi yokha pa Record Slide Show, kenako Export.
- Ngati ndi za manja, monga kufesa mbewu za mitengo ku nazale kapena kukonza zipangizo zophunzitsira, kamera ikufunikadi. Jambulani chigawo chokhacho.
- Kanema aliyense apite kaye mu HandBrake, pulogalamu yochepetsera kukula kwa kanema, yomwe ndi yaulere. Sankhani Fast 480p30, kapena Fast 720p30 ngati muli zolemba zing'onozing'ono, muonere pa foni musanatumize.
- Dulani phunziro m'zigawo za mphindi 10 kapena 15. Netiweki ikaduka, wophunzira amabwereza kachigawo kamodzi, osati ola lonse.

Pa YouTube, akaunti yosatsimikizidwa ndi nambala ya foni siilola kanema woposa mphindi 15, ndipo kuulutsa pompopompo koyamba kumafuna kudikira mpaka maola 24 mutapempha. Musayambe zimenezi m'mawa wa tsiku la phunziro. Ikani kanema pa Unlisted kuti aone okhawo amene ali ndi linki, ndipo auzeni ophunzira kuti akhoza kutsitsa Quality pa 240p kapena 360p. Pa WhatsApp, kanema wotumizidwa mwa masiku onse amafinyidwa mpaka zolemba kufufutika, koma wotumizidwa ngati Document amafika mmene alili, mpaka 2 GB. Moodle, tsamba la pa intaneti loikapo maphunziro, ikakana fayilo, malire ake anaika ndi woyang'anira, inu simungasinthe. Ikanimo linki m'malo mwa fayilo.

Njira yakale nayo ikadalipo: mmodzi atsitse pa Wi-Fi ya pakoleji, agawire anzake foni ndi foni popanda bandulo.

## Zolemba pa bolodi sizikuoneka

- Windo lili kumbuyo kwanu, ndiye mukuoneka mdima wokhawokha. Kuwala kuzichokera kumbuyo kwa kamera.
- Galasi la kamera lili ndi mafuta a zala. Pukutani ndi kansalu kofewa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, kukakhala nkhungu, galasi limachita nthunzi mukalowa nalo m'chipinda chofunda. Lisiyeni liume lokha.
- Choko chafufutika, kapena bolodi layera ndi fumbi. Lipukuteni ndi nsalu yonyowa, mulembe zilembo zazikulu, kamera iyandikire gawo limene mukulembapo lokha.
- Chithunzi chikuphethira, mizere ikuyenda. Magetsi athu ndi a 50 Hz, pomwe makamera ena amabwera atakonzedwera 60 Hz. Fufuzani Anti-flicker kapena Power line frequency, muike 50.
- Zolemba zikuoneka chotembenuka kwa inu. Ophunzira amaziona bwinobwino, Zoom imangokuonetsani ngati pa kalilole. Afunseni musanasinthe kanthu.

## Milomo ndi mawu sizikuyendera limodzi

Ngati kusiyanako kukukulirakulira kanema akamapita, gwero ndi foni, imene imasinthasintha liwiro la zithunzi pojambula. Mu HandBrake sankhani Constant Framerate. Ngati kusiyanako n'kofanana kuyambira poyamba, kawirikawiri ndi mahedifoni a Bluetooth. Gwiritsani ntchito a chingwe.

## Laputopu ikutentha, zonse zikuyenda mwaulesi

Tsekani Chrome ndi mapulogalamu ena osafunika. Zimitsani Virtual background, imalemetsa kompyuta kwambiri. Laputopu isakhale pa nsalu ya patebulo, ikwezeni kumbuyo kuti mpweya uzidutsa pansi. Mu OBS, mukaona uthenga wa Encoding overloaded, tsitsani pa 720p ndi zithunzi 25 pa sekondi, ndipo pa Encoder musankhe ya Hardware ngati ilipo. Kumunsi ku Mtakataka ndi Golomoti, mu Okutobala foni yojambula ili pa chaja imatentha n'kudziimitsa yokha. Ichotseni mu kava, ikhale pamthunzi, muitchajiretu.

## Apa siyani, itanani wodziwa

Wa magetsi wovomerezeka ndi MERA:
- Laputopu kapena maikolofoni ikukugwirani magetsi mukaikhudza. Waya wopita pansi ndi wosalumikiza, ndipo zimenezi zikhoza kupha.
- Soketi ikuthetheka, yada, kapena pakumveka fungo la pulasitiki yopsa. Zimitsani pa swichi yaikulu.
- Mukufuna kulumikiza jenereta, inveta kapena sola ku mawaya a nyumba. Jenereta isalowe m'chipinda kapena pakhonde lotsekeka, utsi wake umapha mosamveka fungo.
- Kukuchita ziphaliwali. Imitsani phunziro, muzule rauta, chaja ndi chingwe cha mlongoti wa panja. Zikapsa, musayese kuziyatsanso.

Wokonza makompyuta:
- Batire latupa, kiyibodi yatukuka kapena chivundikiro cha foni chakanuka. Lekani kutchaja, musaliboole, liikeni kutali ndi mapepala.
- Hadi disiki ikugogoda, kapena kompyuta ikupempha kuti mufomate khadi yomwe muli maphunziro. Kanani, izuleni, mupite nayo momwemo.
- Mwalowa madzi kapena tiyi. Zimitsani pomwepo, musayeserenso kuyatsa.

Wa ICT wa pakoleji kapena akuluakulu:
- Wi-Fi ya koleji ikuvuta kwa aliyense. Musadine kabatani ka Reset kuseri kwa rauta, kamafufuta zonse zimene anaikamo.
- Mlendo walowa m'kalasi n'kuyamba kuonetsa zolaula kapena kutukwana. Mutulutseni, mutseke kalasi, musunge umboni, mukanene. Linki yatsopano ikhale ndi pasiwedi ndi Waiting room, pomwe munthu amadikira mpaka mumulole kulowa.
- Mukufuna kujambula ana a pulayimale pamene wophunzira wanu akuyeserera kuphunzitsa. Pemphani kaye chilolezo kwa ahedi ndi makolo. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2024 loteteza zokhudza munthu, ndipo nkhope ndi mawu a mwana zili m'gulu limenelo. Kanema wotere asapite pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp.

Poitana katswiri, muuzeni mtundu wa laputopu kapena foni, pulogalamu imene mumagwiritsa ntchito, chipinda ndi nthawi imene vuto linachitika, nambala ya Upload imene munayeza, ndi zimene mwayesa kale. Uthenga uliwonse umene watuluka pa sikirini, ujambuleni ndi foni musanautseke, mumutumizire.